Nyimbo Imene Bambo Sanalembe

Make mapasa anali atangoviika mabulangete a bambo ake m'beseni pamene anamva kugogoda. Anapukuta manja pa siketi n'kukatsegula. Pakhomo panaima anthu awiri: bambo wa chipewa chakuda chopendekera, ndi mayi wamtali atakumbatira bokosi la vayolini ngati khanda.

"Aphunzitsi alipo?" anafunsa wachipewayo, mawu ali pansipansi ngati walowa m'tchalitchi.

"Angapite kuti? Alipo. Pukutani mapazi, ndakolopa."

Anthu otere anawazolowera. Bambo ake anaphunzitsa kupeka nyimbo pa sukulu yaikulu ya zoimbaimba kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo ankati aliyense wolemba nyimbo zamakono anadutsa m'manja mwawo, kapena m'manja mwa wina amene anadutsa m'manja mwawo. Osati nyimbo zovina ayi. Osatinso zoti ungaimbe ukutsuka mbale. Zinali nyimbo zija zoti lipenga lalira kamodzi, onse duu, wina wakanda chingwe, basi anthu n'kuwomba m'manja. Make mapasa anakulira momwemo, koma sanathe kusiyanitsa kuti apa nyimbo yayamba, apa oimba akungoyesa zida zawo.

Zaka ziwiri m'mbuyomo sitiroko inawagwetsa mkuluyo m'bafa. Dzanja lamanja linafa, mwendo unkakoka, pakamwa panapendekera. Mutu wokha ndi umene unatsala wathunthu, ndipo ankaunyadira ngati munthu amene nyumba yamupsera koma wapulumutsa sutikesi imodzi.

Wachipewa uja anali wophunzira wawo wakale, tsopano mkulu wa sukulu yonse, koma aliyense ankangomuti Chipewa popeza palibe anamuonapo atavula. Anafotokoza kuti Aphunzitsi akukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo pakatha milungu iwiri, Loweruka masana, kudzakhala mwambo wa nyimbo wowalemekeza. Ophunzira akale akubwera, ena pa ndege. Kodi angafufuze m'chipinda cha piyano, mwina apezamo nyimbo zakale zoti akaimbe?

"Fufuzani," anatero make mapasa. "Mukapeza sokosi ya buluu ya mwana mundisungire." Ndipo anathamangira kusukulu kukatenga ana.

M'nyumba imeneyo munalibe pepala wamba. Munali mapepala olembapo nyimbo okhaokha, a mizere isanuisanu, milumilu. Make mapasa ankayala amenewo m'mashelefu, ankakulungira nsapato, ankalembapo zogula. Ndiye pamene namwino anamuuza kuti azilemba mankhwala onse amene bambo ake amwa kuti dokotala aziona, sanadzivute kukagula kope. Mapiritsi anali a mitundu isanu, mizere inalinso isanu. Mzere wapamwamba kapiritsi koyera ka mtima, wachiwiri kapinki, wapakati lachikasu lowawa lija, m'munsi awiri otsalawo. Akameza, ankadinda kadontho kakuda. Akalavula, kaziro. Iye mwini akaiwala kuwapatsa, kamtanda. Tsiku likatha ankadula mzere woimirira. Maina sankalemba, ankawadziwa ndi maso. Ndipo zonsezi ankalemba chiimirire, pepala lili pabondo, mwana wina akumukoka dilesi.

Tsamba likadzaza ankaliponya pamwamba pa piyano. Madzulo a tsiku la alendolo anapeza masamba atatu palibe. Anakalipira mapasa, amene ankakonda kupinda ndege za mapepala. Mapasa analumbira kuti si iwo. Anawakalipiranso chifukwa cholumbira. Anasuzumira kuseri kwa piyano, n'kupezako sokosi ya buluu.

Patatha sabata Chipewa anabweranso yekha, thukuta lili kamukamu. Make mapasa akulowa ndi tiyi anamupeza atagwada pafupi ndi mpando wamatayala wa bambo ake.

"Aphunzitsi, mwatichita zotani? Zaka khumi mukutiuza kuti munasiya kulemba, kumachita kutibisira chinthu chotere?"

"Chinthu chanji?"

"Nyimbo yatsopano ija! Yopanda dzina, yopanda ngakhale liwu limodzi lotiuza kaimbidwe kake. Dzanja likunjenjemera, zikuchita kuoneka kuti munalemba ndi lamanzere, mutadwala kale. Wavayolini uja atangoiona analira. Tidzaiimba pomalizira penipeni."

"Ili kuti?"

"Mu ofesi, m'kabati yokiya. Mudzaimva pa tsikulo."

Bambo ake anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati akudziwa zonse. Koma chitseko chitangotsekedwa anaitana.

"Mwana wanga."

Make mapasa anaima. Masiku onse ankangomuti "iwe".

"Unandionapo ndikulemba?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Bambo, supuni imakuvutani. Pensulo mukanaigwira ndi chiyani?"

"Ndiye ndinalemba liti?"

"Ndingadziwe bwanji ine? Imwani tiyi, akuzizira."

Tiyi anazizira. Mawa lake anawapeza akutchula maina a ophunzira awo chaka ndi chaka, akuwerenga ndi zala za kumanzere. Akakodwa pa dzina limodzi nkhope inkachita mdima. Anaitana mapasa n'kuwafunsa kuti wamkulu ndani, atayankha anati, "Ndimadziwa, ndimangoyesa." Make mapasa anadziwa kumene maganizo awo anali. Akulu awo a bambo ake anamwalira akufunsa mkazi wawo kuti ndi mlendo wa yani.

"Ngati ndingalembe nyimbo yathunthu n'kuiwala," anatero Lachitatu, mbale ili chikhalire patsogolo pawo, "ndaiwalanso chiyani? Mwina dzulo ndinakutukwana. Mwina mayi ako ali moyo."

"Amayi anamwalira, ndipo simunanditukwane kuposa masiku onse. Idyani."

Sanadye. Lachinayinso sanadye, kupatula madzi omwera mankhwala.

Nayenso mutu unayamba kumuzungulira. M'mawa uliwonse ankakhala kuntchito, kumalo ochapira ndi kusita zovala, ndipo bambo ake ankatsala ndi mayi woyandikana nawo. Anakamufunsa. Mayiyo anati mkuluyo amangogona, akadzuka amakangana ndi wailesi. Anaimbira foni mwamuna wake, amene anali kutali ndi lole ya kampani, iye n'kuti, "Ndiye si zabwino zimenezo? Apongozi alemba nyimbo." Anadula foni. Anakayang'ana mapensulo onse m'kapu: onse anali osasongola, kupatula yake ya m'khitchini. Kodi munthu angalembe nyimbo m'tulo? Kodi dzanja lakufa limadzuka anthu akachoka? Ndi anthu a m'nyumba iyi, chilichonse chinkatheka.

Lachisanu anapempha kuweruka msanga n'kukwera basi mpaka kusukulu ya zoimbaimba, fungo la sopo likadali m'manja. Ankafuna chinthu chimodzi basi: atenge pepalalo, bambo ake alione, mwina akumbukira. Anatsatira phokoso m'khonde lalitali mpaka pachitseko cha holo. Mkati munakhala anthu asanu, aliyense ndi chida chake: chitoliro, vayolini, lipenga, piyano ndi ng'oma. Chipewa anaima patsogolo pawo ndi kamtengo m'manja, atatsinzina.

Chitoliro chinati pii. Panadutsa nthawi yoti munthu angasende mbatata. Vayolini inati nyii. Lipenga linangotulutsa mpweya, fuu, osalira. Piyano, ng'oma, du. Kenako anayambiranso momwemo.

"Imani, imani!" anakuwa Chipewa. "A lipenga, kaziro kameneko si kupuma wamba. Ndi mawu amene akukana kutuluka. Muwakane ndi thupi lonse."

"Ndikukana, akulu," anayankha walipenga, bambo wonenepa wa masaya ngati mabanzi. "Koma ndakana kakhumi ndi kasanu tsamba limodzi. Ndidzaliza liti? Akazi anga akubwera kudzaonera."

Make mapasa anatsokomola. Chipewa atamuona anatambasula manja.

"Mayi! Mwabwera nthawi yabwino. Bwerani muone chimene bambo anu atisiyira." Anamukokera pa choikapo mapepala cha wavayolini. "Onani apa. Zigawo zinayi zopanda kanthu, mizere yonse isanu zii. Kumeneku ndi kukhala chete kwa munthu amene waima pakhomo la imfa. Palibe wina angalembe zimenezi."

Make mapasa anayang'ana. Choyamba kuona chinali chizindikiro chozungulira pakona, pamene wina anakhazikapo kapu yonyowa. Makina okopera anachijambula bwinobwino. Kapu imeneyo ankaidziwa. Anayang'ana timadontho, tiziro, timitanda. Anayang'ana Chipewa, anayang'ana walipenga, anabwereranso pa pepala. Maso ankamuuza china, holo yonse inkamuuza china, ndipo kwa kanthawi anaganiza kuti mwina wapenga ndi iyeyo.

"Awa ndi mapiritsi," anatero.

"Pepani?"

"Mapiritsi. Mankhwala. Ndinalemba ndine. Mayi a chitoliro, inu ndinu kapiritsi ka mtima. Inu a vayolini ndinu kapinki. Inu a lipenga ndinu lachikasu, limene amalavula. Ndipo apa pa imfa panupa anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo masiku anayi. Ankawamwetsa anamwino. Ine ndikanalemba chiyani?"

M'holo munati zii, kuposa m'nyimbo muja.

"Nanga timitandati?" anafunsa wang'oma, amene ankatiimba pomenya m'mbali mwa ng'oma ndi ulemu waukulu.

"Ndi pamene ine ndinaiwala kuwapatsa. Ndili ndi ana awiri ndi ntchito, bambo."

Wavayolini anayamba kunjenjemera mapewa. Anabisa nkhope kuseri kwa chida chake, koma kuseka kunatulukabe, mpaka misozi, kachiwiri pa pepala lomwelo.

Chipewa anakhala pansi pa sitepe. "Koma mwina... mwina ankakuuzani polemba. Mwina inu simunkadziwa kuti akukutsogolerani dzanja. Aphunzitsi ali ndi njira zawo."

"Chimene ankandiuza n'choti ndichoke ndi mankhwala anga."

"Mayi, ndimvereni." Anatsitsa mawu. "Mapulogalamu tasindikiza kale. Anthu afika, ali m'mahotela. Zikamveka zimenezi adzaseka yani? Adzati ophunzira a mkulu uja sasiyanitsa nyimbo ndi mankhwala, ndiye ankawaphunzitsa chiyani zaka zonsezi? Ndi dzina la bambo anu limeneli. Tingodikira mawa lidutse. Tsiku limodzi lokha."

Make mapasa anayang'ananso pepala lija. Zinali zoona kuti za anthu amenewa sankazidziwa, mwina kwa iwo chinthu chotere chimapha munthu kuposa njala. Anaganiza za bambo ake ali patsogolo pa holo yodzaza, anthu akubisa kuseka m'manja. Kenako anaganiza za mbale ija, imene anaichotsa dzulo ili momwe anaiikira.

"Bambo anga sanadye chiyambire Lachitatu," anatero. "Akuganiza kuti mutu wawathera, chifukwa inu munawauza kuti analemba chinthu chimene sakuchikumbukira. Ndipatseni mapepala anga, enieniwo. Dokotala akuwafuna Lolemba."

Atafika kunyumba anawapeza bambo ake pawindo, buledi wa m'mawa ali pambali wosakhudzidwa. Anaika masamba atatu aja pamiyendo pawo.

"Nayi nyimbo yanu."

Anavala magalasi ndi dzanja lamanzere, movutikira, osalola kuthandizidwa. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Manoti anga a nyimbo sapendekera chonchi."

"Chifukwa si anu. Ndi anga." Anawafotokozera zonse, mzere ndi mzere.

Sanaseke. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ukundinamiza kuti ndidye."

"Ine ndili ndi nthawi yanji yopeka bodza lalitali chonchi?" Anapita kukhitchini, anamatula tsamba la sabata imeneyo pachitseko cha firiji, n'kuliika pafupi ndi enawo. "Onani. La lero ili. Kadontho aka ndadinda m'mawa uno inu mukuona."

Mkuluyo anayang'ana uku, anayang'ana uku. Kenako chala chawo chinatsika pa kaziro kamodzi pa mzere wapakati.

"Apa. Linali Lachiwiri, kunagwa mvula. Ndinalavulira mumphika wa maluwa."

"Munati mwameza."

"Ndiye bwanji unalemba kaziro?"

"Ndinakuonani pagalasi la kabati."

Chala chinasuntha. "Mitanda itatu tsiku limodzi. Apa ndi pamene wamng'ono uja anagwa pampanda, munakamusoketsa chibwano."

"Eya."

"Apa ndinakana onse asanu. Unandiphikira supu yopanda mchere."

"Dokotala ndi amene analetsa mchere."

"Sindikufunsa amene analetsa. Ndikuti inali yopanda mchere." Mawu anali atayamba kukwera. Anadutsa tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu, tsiku ndi tsiku, akutchula kuti kunabwera ndani, wailesi inanama chiyani, magetsi anathima liti. Pena ankaphonya, iye n'kuwakonza, iwo n'kukakamira kuti wolakwa ndi iye. Atafika pa masiku anayi opanda kanthu aja anaima.

"Bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Woyandikana nane ankaliza mkonono wotsika pang'ono kuposa wa makina." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi mkono. "Zonse zilimo. Zonse ndithu." Anayang'ana mbale ija. "Buledi uyu wauma. Kulibe china m'nyumba muno?"

Akusenda dzira lachiwiri kunamveka kugogoda. Anali Chipewa, chipewa chili m'manja. Dazi lake linkawala ngati mbale yotsukidwa kumene.

"Lowa," anatero mkuluyo, pakamwa podzaza. "Lero ndaona chimene wakhala ukubisa zaka zonsezi. Tsiku loyamba m'kalasi ndinkakuuzani chiyani?"

Chipewa anayankha akuyang'ana pansi. "Kuti tisanaimbe pepala lililonse, tizifunsa kuti wolemba ankapuma bwanji polemba."

"Ndiye unafunsa?"

"Ayi, Aphunzitsi."

"Mukuiimba bwanji?"

"Pang'onopang'ono. Mwaulemu."

"Walakwa kawiri. Mkazi uyu unamuonapo akuyenda pang'onopang'ono? Mawa muiimbe mothamanga kanayi kuposa pamenepo, ngati munthu amene basi ikumusiya. Pa masiku anayi a chipatala okha ndi pamene mudikire. Ndipo udzaime patsogolo unene zoona, kuti analemba ndani, ndiponso kuti iwe unaona chiyani."

"Tiimbebe?"

"Mwayeserera sabata yonse, muitaye?"

"Ine musandilowetse m'zinthu zanu," anatero make mapasa ali pakhomo la khitchini.

Loweruka holo inadzaza. Make mapasa anakhala kumapeto kwa mzere woyamba, mpando wa bambo ake uli pambali, mapasa uku ndi uku, chikwama pamiyendo. Anthu analankhula motalika. Mayi wina wa imvi anati Aphunzitsi anamung'ambira nyimbo yake yoyamba n'kumutuma kukakhala pa siteshoni ya basi tsiku lathunthu, akungomvetsera, ndipo anawathokoza chifukwa cha zimenezo. Make mapasa sanamvetse kuti pothokoza ndi pati. Oimba anaimba nyimbo zisanu ndi imodzi, mwina zisanu ndi ziwiri. Kawiri iye anawomba m'manja pamalo olakwika.

Pomaliza Chipewa anaima, chipewa chabwerera pamutu, n'kunena zonse. Ena anaseka kwambiri. Ena anayang'ana anzawo kaye. Bambo wina kumbuyo kwa make mapasa ananong'oneza kuti, "Zimenezinso ndi mbali ya nyimboyo," mnzake n'kuvomera.

Ndiye anayamba, mothamanga. Pii, nyii, fuu, du, pii, nyii. Make mapasa sanadziwe ngati zinali zokoma kapena ayi. Chimene anamva chinali m'mawa wake: botolo, madzi, tsegulani pakamwa, nsapato zili kuti, basi, basi. Ng'oma ikagunda m'mbali manyazi ankamugwira, popeza holo yonse inkamva pamene iye anaiwala. Kenako zonse zinaima. Palibe anatsokomola. Anangoona ngati ali m'khonde lija la chipatala, chikwama cha zovala chili m'manja. Dzanja lamanzere la bambo ake linagwira mkono wake n'kuufinya, kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Chitoliro chinati pii.

Anthu anaimirira akuwomba m'manja. Chipewa ankamukodola kuti akwere kutsogolo. Iye anayang'ana wotchi ya pakhoma. Folo koloko.

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa piritsi lachikasu ndi botolo la madzi. "Tsegulani pakamwa."

"Pano?"

"Pano."

Walipenga anali atasiya kuwerama, akuyang'anitsitsa ali pamwamba paja, lipenga lili m'khwapa. Mkuluyo anasunga piritsi m'tsaya, anamuyang'ana walipengayo, anakwinya nkhope, n'kumeza. Anatsegula pakamwa kuti mwana wawo aone. Make mapasa analibe pepala lina, choncho anatembenuza pulogalamu, n'kudinda kadontho kakuda kuseri kwake.

Walipenga anakweza chida chake n'kuliza kamodzi, mwamphamvu, mpaka mawindo ananjenjemera. Holo yonse inawombanso m'manja. Make mapasa anatseka botolo n'kugwada kufunafuna nsapato ya mwana pansi pa mipando.